Ana 46 ndi amayi 9 m'basi imodzi: tikawaonetse chiyani ku Blantyre?

TichaWaKuNtcheu
Moni nonse pagulu pano. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Ntcheu, ndipo ndimayang'anira kalabu ya mbiri yakale. Ana akhala akusonkha ndalama chiyambire teremu yoyamba kuti akaone Blantyre, ena mpaka kugulitsa kachewere ndi kabichi pamsewu. Alipo 46, a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo ambiri malire awo ndi pa Balaka. Ndalama ya basi itaperewera, amayi 9 a komiti ya makolo, ambiri mwa iwo a Mvano, anati athirapo koma nawonso akwera. Pamenepo mpamene pagona mutu wanga. Ana akufuna sitediyamu ndi mashopu akuluakulu. Amayi akufuna tchalitchi cha ku mishoni ndi msika wa Limbe. Ahedi akuti ukhale ulendo wa maphunziro, osati wokadya tchipisi. Tsiku ndi limodzi lokha, kunyamuka mbandakucha, kubwerera usiku womwewo. Ine Blantyre ndimangodziwa Wenela ndi ku Queens kumene ndinadikirirako matenda. Eni mzinda, tithandizeni.

MwanaWaKabula
Aphunzitsi, choyamba chotsani maganizo oti muona Blantyre yense tsiku limodzi. Sankhani malo atatu, akachulukitsa anayi. Chachiwiri, pitani mkati mwa sabata. Loweruka maofesi ambiri amakhala otseka, ndipo ku mishoni mukapeza maukwati ali pamzere.

MauleMpakaKale
Atengereni ku sitediyamu basi, akaone pamene timakwapulira neba. Zinazo ndi zongowonjezera.

NyerereYaPaLali
Mwayambapo. Nkhani ya ana asukulu inu mwalowetsapo kale mpira.

MauleMpakaKale
Mpira si mbiri? Afunseni anawo ngati akudziwa chaka chimene munatenga ligi komaliza musanayambe kulira.

MphunzitsiWopuma
Anyamata inu dikirani kaye, munthu wafunsa zenizeni.

Aphunzitsi anzanga, ine ndinaphunzitsa zaka zambiri kuno ndipo maulendo otere ndawayendetsa osawerengeka. Amayiwo sanalakwe. Yambirani ku mishoni ya Blantyre, pa HHI (Henry Henderson Institute), chifukwa mzinda wonsewu unayambira pamenepo. Amishoni a Church of Scotland anafika mu 1876, malowo anawasankha ndi Henry Henderson m'dera la mfumu Kapeni, ndipo dzina loti Blantyre analitenga ku mudzi umene David Livingstone anabadwira ku Scotland. Ana anu zimenezi analemba kale m'makope. Chimene alibe m'makope ndi kuima pansi pa tchalitchi cha St Michael and All Angels n'kukweza maso.

Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anachilingalira, mbusa David Clement Scott, sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amene anachimanga ndi anthu akuda a konkuno amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa pompo. Mukafika musathamangire kulowa mkati. Azungulitseni ana kunja kaye pang'onopang'ono, muwauze kuti aliyense apeze njerwa ya maonekedwe ake ake. Adzapeza zozungulira, zosongoka, zokhala ngati duwa, zina zopindika. Adzaonanso kuti nsanja ziwiri zakutsogolo sizofanana. Ine ndinkawafunsa kuti, kodi munthu amene anaumba njerwa iyi dzina lake linalembedwa pati? Pamenepo kalasi imayamba yokha, inu osavutika.

Ndipo poti ndinu a ku Ntcheu, muwauze za Harry Kambwiri Matecheta. Anagwira ntchito ya mishoni pakati pa Angoni ku Nthumbi, kwanu komweko, ndipo mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anakhala abusa oyamba achikuda kudzozedwa ku mishoni ya Blantyre. Scott yemweyo ndi amene analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892. Wa Chichewa pasukulu panu akamva zimenezi adzafuna kukwera nawo.

Lembani kalata ku ofesi ya mpingo pasadakhale. Ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero, si malo ongojambulirapo zithunzi.

TichaWaKuNtcheu
Bambo, zikomo kwambiri. Za Nthumbi ndimazidziwa koma sindinaganizepo zozilumikiza ndi ulendowu. Ndalemba.

MayiWaMvanoKuZingwangwa
Amayi anzangawo muwauze atenge yunifomu, adzafuna chithunzi pakhomo paja. Koma muwapatse malire a nthawi. Ife ndimatidziwa, tikayamba nyimbo imodzi timafuna ndi yachiwiri, kenako wina akuti tipemphere, dzuwa lili pamutu ana akuyasamula.

DalaivalaWaKale
Ine za mbiri sindilowererapo, ndiyankhula za msewu poti ndayendetsa mabasi a hayala zaka zambiri.

Mukuchokera ku Ntcheu ndiye kuti mudzera Zalewa, Lirangwe, Lunzu mpaka pa Kameza. Ngati mukufuna bwalo la ndege la Chileka, nthawi yake ndi yomweyo, mukhotere pa Kameza musanalowe m'tauni. Mukalowa kaye m'tauni n'kumati tibwerera masana, mwadzipha nokha. Kuchoka apo HHI ili panjira yanu yolowera. Kenako Mandala, kenako Chichiri, ndipo Limbe ikhale yomaliza ngati nthawi ilipo. Mukatero mukuyenda chamtsogolo chokhachokha. Magulu ambiri amalemba malo mmene awakumbukirira, osati mmene aliri pamsewu, ndiye dalaivala amangokwera ndi kutsika mu Chipembere Highway ngati minibasi, mafuta akupita.

Nyamukani 4 koloko. Pa Zalewa pali lodibuloko, mukhale ndi kalata ya sukulu ndi mndandanda wa mayina a ana m'manja, osati m'chikwama chimene chili pansi pa katundu. Ndipo mugwirizane ndi mwini basi polemba kuti mtengowo ukuphatikiza kuzungulira m'tauni. Ndinaonapo gulu lina litatsitsidwa pa depoti, dalaivala akuti ine anandituma kukufikitsani ku Blantyre, Blantyre ndi ino.

Chinanso chimene aphunzitsi amaiwala: chimbudzi. Anthu 55 atamwa thobwa m'mawa. Ganizirani pamene mudzaime.

Nachisale_BT
Kkkkk za chimbudzizo ndi zoona. Ife tili Fomu 2 tinapita ndi sista wina, ulendo wonse chimene ndimakumbukira ndi mzere wa pa filing'i siteshoni.

MwanaWaKabula
Za Chileka ine ndikukana. Mukataya maola awiri kuti muone ndege imodzi, mwinanso osaiona. Si Johannesburg paja kuti ndege zimatera motsatizana.

WaKuLunzu
Inu munabadwira m'tauni ndiye ndege mumaiona ngati khwangwala. Mwana wa ku Tsangano amene amangoiona ngati kadontho kumwamba, kuiona ili pansi anthu akutsikamo ndi nkhani ya chaka chonse. Chofunika n'kufunsa ku bwaloko tsiku ndi nthawi imene yaikulu imatera, ndiponso kulemba kalata. Komanso ndi kalabu ya mbiri: pa Chileka mpamene Kamuzu anatsikira pa 6 Julayi 1958 pobwera kudzathetsa chitaganya. Funso limenelo limabwera pamayeso.

MwanaWaKabula
Chabwino, koma ikakhala kuti ndegeyo imatera masana, pulogalamu ya a Dalaivala yagwa. Asankhe chimodzi.

DalaivalaWaKale
Ikakhala ya masana muisiye. Kapena muione pobwerera ngati dzuwa lilipo. Osakhota kawiri.

KalalikiWaPaVictoria
Palibe amene watchula bwino Mandala House, ndiye ndiikepo mawu. Ndi nyumba ya 1882, yakale kuposa tchalitchi chija, ndipo imatengedwa kuti ndiyo nyumba yachizungu yakale kwambiri imene idakalipo m'Malawi. Inali ya kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa pachibale John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, anthu n'kumutcha Mandala, dzina n'kufalikira ku kampani, ku masitolo ake m'dziko lonse, mpaka dera lonselo lero ndi Mandala. Ana amakonda nkhani imeneyi chifukwa amazindikira kuti makolo athu ankapereka mayina kwa azungu monga momwe iwo amaperekera mayina kwa aphunzitsi.

Ndi nyumba yosanja ya khonde lozungulira. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, muli mabuku akale, mapu ndi zithunzi za Blantyre misewu isanaikidwe tala. Pansi pali malo oonetsera zojambula ndi zosema. Koma malowo ndi ochepa, ana 46 sangakwere onse nthawi imodzi. Agaweni magulu a khumi khumi, ena azikhala pabwalo pansi pa mitengo. Ndipo muwachenjeze za zogwiragwira, zinthu za pansizo n'zogulitsa ndipo mitengo yake si ya thumba la mphunzitsi.

Pa nkhani ya Chilembwe napo mpofunika. Mu Januwale 1915 anthu ake anabwera usiku kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba ya mfuti ya kampaniyi ku Mandala. Anangotenga mfuti zochepa, alonda atadzidzimuka. Mwana akaima pamenepo n'kuyang'ana kumene kuli Chiradzulu, amayamba kumvetsa kutalika kwa mtunda umene anthuwo anayenda wapansi.

AngoniSatha
Muwauzenso kuti mu 1884 Angoni a Chikuse atawoloka Shire, anthu a kuno anathawira ku mishoni ndi ku Mandala komweko. Ndiye ana a ku Ntcheuwo akafika asachite manyazi, makolo awo anafikako kale, opanda kalata.

Nachisale_BT
Kkkkkk a Ngoni inu. Nthawi ino abwere ndi kalata basi.

TichaWaKuNtcheu
Imeneyo ndikawauza ali m'basi, adzafika atatukumuka.

MlongoWaKuChilobwe
Pepani ndilowererepo. Ndaona m'magulu ena anthu akulangiza masukulu kuti azipita kukaona phiri la Soche pamene panagumuka nthawi ya Freddy. Wina asanazitchule pano, ine ndikupempha kuti ayi.

JiyogalafeMnyamata
Inetu ndimati ndizitchule. Osati mwachipongwe, mlongo. Ana amaphunzira za kugumuka kwa nthaka ndi kudula mitengo m'buku, pamene chipsera chili poonekera pa phiri. Mu Malichi 2023 madzi ndi miyala zinatsika usiku n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Mwana akaona ndi maso miyala ija kukula kwake, sadzafunanso kumuuza kawiri za kumanga m'mphepete mwa phiri.

MlongoWaKuChilobwe
Achimwene, ndikumva zimene mukunena, ndipo sindikuti mukulakwa pa za maphunziro. Koma ine ndimakhala konkuno. Pamene inu mukuti chipsera, ena pamenepo mpamene panali nyumba ya mayi awo, ndipo alipo amene sanapezeke mpaka lero. Miyezi yotsatira tinaona magalimoto akubwera, anthu kutsika, kujambulana akumwetulira mwala uli kumbuyo, n'kukwera kumapita osapereka ndi moni yemwe. Tsiku lina mayi wina woyandikana nane anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko mpaka atachoka. Ndiye basi yodzaza ana ovala yunifomu, atanyamula mafoni ndi mafiriziti, ine mtima sukundilola. Phirilo limaoneka bwinobwino muli ku Chichiri. Aimitseni kumeneko, alozereni, afotokozereni. Akafuna kufika, abwere tsiku lina, adzere kwa amfumu, abwere ngati anthu odzapepesa maliro.

JiyogalafeMnyamata
Ndamva, mlongo. Pepani. Kuonera patali kukwanira.

MphunzitsiWopuma
Ndipo muli pa Chichiri pomwepo mutha kuwaonetsa mapiri onse: Soche, Ndirande, Michiru, Mpingwe, Bangwe. Afunseni kuti ndi liti limene latsala ndi mitengo. Ife tikukula phiri la Ndirande linali nkhalango. Phunziro la a Jiyogalafe lilipo kale pamenepo popanda kuponda pakhomo pa munthu.

TichaWaKuNtcheu
Mayi a ku Chilobwe, zikomo potiuza. Sitidzafikako.

AmaliWaKuNdirande
Tibwerere ku Chichiri poti mwafikako. Museum musaiphonye, ndiyo malo amene anazolowera kulandira masukulu. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1966. Panja pali injini ya sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi yamakedzana. Anyamata amathera nthawi pamenepo, muchite kuwakoka. Mkati muli za malonda a akapolo, ndalama zakale, zida za makolo, zoimbira, nyama zoumikidwa, komanso mwala uja unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Mwana wanga atauona anakhala sabata yonse akuyang'ana kudenga pogona.

Mukafike ndi kalata ndipo mufunse mtengo wa gulu la sukulu, umasiyana ndi wa akuluakulu. Pemphani wofotokozera. Kungoyenda nokha, ana amatha mphindi khumi n'kuyamba kufunsa za nkhomaliro.

Ubwino wa Chichiri ndi woti zinthu zili pamodzi. Basi ikaima malo amodzi, museum, ofesi za khonsolo ya mzinda, khoti lalikulu, sitediyamu, chipilala cha ufulu chija chodutsa pamwamba pa msewu ndi mashopu, zonse zili pafupi.

MauleMpakaKale
Mwaona? Sitediyamu yabweranso yokha.

MphunzitsiWopuma
Yabweradi, koma osati chifukwa cha inu. Pabwalo limenelo mpamene mbendera ya Britain inatsitsidwa, ya Malawi n'kukwera, usiku wolowera pa 6 Julayi 1964. Ana akaime pamenepo aimbe nyimbo ya fuko. Za neba mukawauze inu panja pa geti.

NyerereYaPaLali
Bambo mwandilankhulira.

LoyaWamawa
Lingaliro langa ndi losiyana pang'ono. Khoti Lalikulu lili pa Chichiri pomwepo, ndipo milandu yambiri imazengedwa poyera, munthu aliyense atha kukhala kumbuyo n'kumamvera. Lembani kalata kwa rejisitirala kuti mukubwera ndi ophunzira. Ine ndinasankha za malamulo chifukwa cha ulendo ngati umenewu. Ndinaona mayi atavala mkanjo wakuda akufunsa mafunso bambo wamkulu wa mimba yake, bamboyo thukuta lili kamukamu. Kwathu ndinali ndisanaonepo mzimayi akufunsa mwamuna choncho pagulu. Kwa atsikana anuwo mphindi 30 zokha zitha kuposa museum. Koma mafoni azimitse, ndipo asalowe onse chipinda chimodzi.

MwanaWaKabula
Mwaonatu aphunzitsi, malo afika kale asanu ndi awiri. Pofika mawa akhala 20. Wina anena Michiru, wina fakitale ya mowa, wina Mulanje.

ChilomoniBoy
Michiru ndiye ndimati ndinene kkkk. Kuli Njira ya Mtanda yokwera phiri kuchokera ku Chilomoni, amayi a Chikatolika amaikonda.

MayiWaMvanoKuZingwangwa
Mwana wanga, amayi atakhala m'basi kuchokera 4 koloko, mawondo atauma, ukawakweze phiri? Udzawanyamula ndiwe?

WaMakataShifiti
Za mafakitale ndiyankhe poti ndimagwira ku Makata. N'zoona kuti kuno kuli zoonetsa. Fakitale ya mowa ija inatsegulidwa mu 1968 inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, pano ili m'manja mwa Castel. Koma ana asukulu ndi amayi a Mvano ku mowa, ahedi anu akachotsedwa ntchito. Ndipo fakitale iliyonse siilola gulu kungotulukira. Chaka china ndinaona basi ya sukulu ina yakutali itaima pageti la kampani ina kuyambira m'mawa. Aphunzitsi ankati tinaimba foni, wina anatiuza kuti bwerani. Winayo dzina sakulidziwa. Alonda anakana, bwana woona za chitetezo kunalibe, ana anakhala padzuwa maola atatu akudya mabanzi, n'kubwerera. Kalata ipite milungu itatu kapena inayi isanafike tsiku, ndipo muyankhidwe polemba, mukhale ndi dzina ndi nambala ya munthu amene adzakulandireni.

NyaKaronga
Ine ndingofunsa, bwanji osapita ku Lilongwe? Kuchokera ku Ntcheu mtunda ndi wofananako. Kuli Nyumba ya Malamulo, manda a Kamuzu, malo osungira nyama, bwalo la Bingu. Blantyre yatha, nyumba zake zakalamba.

MwanaWaKabula
Zakalamba ndiye zimene akufuna, ndi kalabu ya mbiri. Blantyre inali kale tauni mu 1895, Lilongwe ili mudzi. Likulu linasamukira kwanuko mu 1975, dzulodzuloli, kuchokera ku Zomba.

NyaKaronga
Kwathu ndi ku Karonga bambo, kumene kuli mafupa a dinosaur. Mukafuna zakale bwerani kuno muone zakale zenizeni.

Nachisale_BT
Nkhondo ya mizinda yayamba, aphunzitsi thawani.

TichaWaKuNtcheu
Kkkk Lilongwe anapita a chaka chatha. Chaka chino ana anavota okha, Blantyre inapambana ndi mavoti onse kupatula awiri.

MayiWaGeniKuLimbe
Za msika wa Limbe palibe wayankha, ndiye ndiyankhe ine mwini wake. Amayiwo akufuna zitenje ndi ziwiya, ndikudziwa. Koma musalowetse ana 46 mumsika muja. Simungawawerenge, tinjira ndi tating'ono, anthu ndi ambiri, ndipo a zala zazitali yunifomu ya kumudzi amaiona patali. Gawanani. Nthawi imene ana ali ku museum ndi ku sitediyamu, amayi akwere minibasi pa Chichiri kupita ku Limbe, si patali. Apite ndi munthu mmodzi wodziwa tauni, ndalama amange m'chitenje cham'kati, foni isakhale m'manja. Muwauze nthawi yokumana ndipo muwanamize ndi ola limodzi, mukafuna 3 koloko nenani 2.

Limbe nayo ili ndi mbiri yake, musaiderere. Inakula chifukwa cha njanji, ndipo inali tauni payokha mpaka 1956 pamene inaphatikizidwa ndi Blantyre. Mukanabwera nyengo ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, ndikanati ana akaone ku okushoni mmene mabelo amagulitsidwira. Ambiri makolo awo amalima koma sanaonepo kumene fodya amathera.

MphunzitsiWopuma
Apa pokha ndikutsutsani pang'ono, mayi. Amayiwo akachoka, atsikana atsala ndi ndani? Aphunzitsi sanatiuze kuti aphunzitsi aakazi alipo angati. Atsale amayi awiri kapena atatu.

MayiWaGeniKuLimbe
Zoona bambo. Otsalawo atume anzawo, chitenje sichifuna kuyesa.

TichaWaKuNtcheu
Tilipo aphunzitsi atatu, wamkazi mmodzi. Ndikambirana nawo amayiwo. Nanga chakudya? Ndalama yatsala yochepa kwambiri.

DalaivalaWaKale
Kamba achokere naye kunyumba. Mbatata yophika, chimanga, mazira, zitumbuwa, madzi m'zigubu. Musadalire kugula nsima ya anthu 58 pamalo amodzi masana, mudzadikira mpaka 3 koloko.

Nachisale_BT
Komabe a Dalaivala, mwana wasonkha ndalama miyezi isanu ndi umodzi kuti adzadye mbatata ya kwawo yomweyo ali ku Blantyre? Muwasiyire kachenji ka tchipisi cha pachiwaya ndi ayisikirimu. Ndipo mashopu a pa Chichiri muwalowetse, ngakhale mphindi 40. Ahedi asakuopsezeni. Ine ulendo wathu uja, kupatula mzere wa chimbudzi, chimene chinandisintha ndi kuona mtsikana wa msinkhu wa mkulu wanga ali pa kompyuta mu banki, atavala bwino, akuitana anthu akuluakulu kuti wotsatira. Ndinabwerera kusukulu ndili ndi ukali wa kuwerenga.

AmaliWaKuNdirande
Mukawalowetsa m'shopu muuze alonda pakhomo kaye, ndipo alowe asanu asanu ndi wamkulu mmodzi. Zikwama zitsale m'basi. Mwana wosazolowera amatha kutsegula bisiketi asanalipire, osati kuba, kungoti kugolosale ya kwawo amatero.

MwanaWaKabula
Ndipo powoloka Chipembere Highway agwirane manja, ndikunenetsa. Magalimoto a pamenepo saima chifukwa cha yunifomu. Akabaza a njinga zamoto ndiye amatulukira mbali imene simukuyang'ana.

LoyaWamawa
Aliyense alembe nambala ya aphunzitsi papepala aike m'thumba. Osati m'foni. Foni imatha moto.

TichaWaKuNtcheu
Abale, ndabweranso patatha milungu isanu kudzapereka lipoti, poti mwambo ndi umenewo. Tinapita Lachinayi lapitali.

Tinanyamuka 4:40 m'malo mwa 4, chifukwa mayi mmodzi anaiwala duku la Mvano n'kubwerera. Chileka tinaisiya, nthawi ya ndege sinagwirizane ndi yathu, ndipo ana ena anandikwiyira mpaka pa Chirimba. Ku mishoni tinakhala ola ndi theka m'malo mwa ola limodzi. Mayi a ku Zingwangwa munalosera, nyimbo zinali zitatu. Koma za njerwa zija, Bambo Opuma, zinagwira. Mnyamata wina amene bambo ake amaumba njerwa kwathu kuno, amene m'kalasi sayankhula n'komwe, anagwada pansi n'kuyamba kufotokozera anzake kuti iyi inapsa kwambiri, iyi chikombole chake chinali chamtengo, iyi anachita kuisema itauma. Mpaka bambo amene amatiperekeza anaima n'kumamumvera. Ndinachita kumukoka kuti tizipita.

Ku Mandala tinalowa magulumagulu monga munanenera. Ku khoti kalata yathu tinaitumiza mochedwa, kulakwa kwanga, ndiye tinangodutsa panja. A Loya pepani, chaka chamawa. Museum anaikonda, makamaka sitima ndi mwala wa ku Machinga, ngakhale mayi wina anakana kuuyandikira, akuti zinthu zogwa kumwamba sizimabwera zokha. Soche tinaliona tili pa Chichiri. Nditawafotokozera zimene ananena mayi a ku Chilobwe, amayi aja anayambitsa pemphero pomwepo, ana onse chete.

Amayi asanu ndi mmodzi anapita ku Limbe. Ndinawauza 2 koloko, anafika 3:20, ndi mabeseni, zitenje ndi mapoto awiri akuluakulu amene anakhala pamiyendo ya ana mpaka ku Ntcheu. Tinafika kunyumba 10 koloko usiku, onse 46, ndinawerenga kasanu ndi kawiri.

MauleMpakaKale
Nanga sitediyamu?

TichaWaKuNtcheu
Tinafika, anatilola kuima m'mphepete mwa bwalo. Anaimba nyimbo ya fuko. Kenako atsikana awiri anafunsa ngati kapinga uja amathiriridwa, atamva kuti ndi wapulasitiki sanakhulupirire mpaka anamugwira.

MphunzitsiWopuma
Mnyamata wa njerwayo ali Fomu chani?

TichaWaKuNtcheu
Fomu 3, bambo. Dzulo wabwera ndi chikombole chimene wapanga yekha, cha njerwa yokhota ngati ya pa zenera lija. Akuti yoyamba inasweka pouma, ayesanso Loweruka.

MayiWaGeniKuLimbe
Aphunzitsi, mwa amayi anuwo wina wamfupi wovala magalasi anasiya ambulera yakuda pa benchi langa. Ndaisunga. Akabwera wina wa ku Ntcheu adzatenge.